Mbewu ili m'nthaka, mabelifi ali m'njira: mmene tinaimitsira chigamulo pa mlandu wa malo a mfumu

Amayi aja anafika ku ofesi yanga ya uloya kuno ku Lusaka Lolemba lina mu Novembala, atatsagana ndi mwana wawo wamwamuna, m'manja muli chikwama chodzaza mapepala. Pamwamba pa mapepalawo panali chigamulo cha High Court cholamula kuti achoke pamalo pamene anakhalapo zaka zoposa 40, ndipo achoke pasanathe masiku 30. Pa masiku amenewo, 19 anali atapita kale. Mvula yoyamba inali itagwa ndipo chimanga anali atabzala.

Maina sinditchula, ngakhale mudzi. Ndingonena kuti ndi umodzi mwa midzi ya pansi pa mafumu imene yazungulira Lusaka, kumene tauni ikukula ndi kumeza minda chaka ndi chaka. Amene mumagwira milandu ya ku Chongwe, ku Chibombo kapena ku Kafue mudzaizindikira nkhaniyi, chifukwa imabwera ndi nkhope zosiyana koma mafupa ake ndi amodzi.

Mmene malowo anachokera m'manja mwawo

Banjali ndi la Achewa a ku Katete. Bambo anabwera ku Lusaka kudzagwira ntchito m'zaka za m'ma 1970, ndipo posafuna kukalamba m'komboni anakagwada kwa nyakwawa wa mudzi uja n'kupempha malo. Anawapatsa mahekitala pafupifupi 18, dzina lawo n'kulembedwa m'buku la mudzi. Pamalopo panadzakhala nyumba zinayi, chitsime, mitengo ya mango, dimba kumunsi, dambo lodyetsako ng'ombe, ndi manda a banja kumene kunagona ana awiri, kenaka bambo mwini.

Bambo atamwalira, mwana wa mlongo wawo, amene anakulira pakhomo pomwepo, anayamba kunena kuti za atsibweni ake ndi zake. Pachichewa mawu amenewa sachokera kutali, ndipo amayi sanawatenge ngati nkhondo. Musaiwale kuti Intestate Succession Act ya 1989, imene imateteza amayi amasiye pa chuma chosiyidwa, inanena yokha kuti sikhudza malo amene womwalirayo anali nawo mwa mwambo. Choncho chitetezo chimene amasiye ambiri amadalira, iwo analibe. Mnyamatayo anayenda mwakachetechete. Anauza a kwa mfumu kuti banja lonse lagwirizana, anatenga kalata, khonsolo inavomereza, ndipo patapita zaka zitatu taitulo ya zaka 99, chikalata cha boma cha umwini wa malo, inatuluka m'dzina lake. Chaka chotsatira anagulitsa malo onse kwa munthu wamalonda wa m'tauni amene ntchito yake ndi kudula mapuloti. Amayi anadziwira pa kalata yowauza kuti ndi olowerera.

Ku High Court analibe loya mpaka mlandu utatsala pang'ono kutha. Yankho lawo pa mlanduwo anawalembera ndi munthu wa kutchalitchi, ndipo mawu akuti chinyengo munalibe. Jaji anatsamira pa gawo 33 la Lands and Deeds Registry Act, lakuti taitulo ndi umboni wotheratu wa umwini pokhapokha pali chinyengo, ndipo ananena zoona kuti chinyengo chiyenera kutchulidwa momveka bwino m'mapepala ndi kutsimikiziridwa. Analengeza kuti malo ndi a wogula, analamula banjalo kuchoka, ndi kulipira ndalama za mlandu.

Nditawerenga yankho la munthu wa kutchalitchi lija ndinapezamo chiganizo chimodzi chimene chinandipatsa mtima: amayi analemba kuti palibe anawafunsapo, mfumu, khonsolo kapena mwana wa mlongo uja. Mawu omwewa anawabwereza pochitira umboni, ndipo sanatsutsidwe. Chigamulo sichinanenepo kanthu. Pamenepa ndi pamene panali apilo yathu. Lands Act ya 1995 imalola malo a mwambo kusanduka lisi, ndiye kuti malo a taitulo obwereka ku boma kwa zaka zoikika, mfumu ndi khonsolo zikavomereza, koma gawo 3(4) limaletsa kupereka malo otere osafunsa munthu aliyense amene angakhudzidwe, ndipo Supreme Court inaumirira pa mfundo imeneyi pa mlandu wa Siwale wa 1999 komanso wa Still Waters wa ku Mpongwe. Mfundo yachiwiri inali ya wogulayo. Munthu amene wapeza nyumba zinayi, chitsime ndi manda pamalo amene akufuna kugula, n'kusafunsa okhalapowo, n'kovuta kuti adzitche wogula wosadziwa kanthu. Makhoti athu ananena kale kuti kugula malo sikufanana ndi kugula ziwiya za m'nyumba.

Pempho loyamba, ndi chifukwa chimene linagwera

Mwana wawo anandifunsa funso limene aliyense amafunsa: "A loya, apilo ikalowa ndiye kuti tikhala, eti?" Ndinamuuza kuti ayi. Malamulo a Court of Appeal a 2016 amanena poyera kuti apilo payokha siimitsa chigamulo. Uyenera kupempha padera chimene timachitcha stay of execution, ndipo uyambire ku khoti lomwe linagamula. Chidziwitso cha apilo ndi zifukwa zake tinazipereka pa tsiku la 24, mkati mwa masiku 30 amene lamulo limapereka, ndipo tsiku lomwelo tinalowetsa pempho loimitsa chigamulo.

Apa ndinalakwitsa, ndipo ndifotokoza mwatsatanetsatane chifukwa ndimaona anzanga akulakwitsa chimodzimodzi sabata iliyonse. Nthawi inandithina, mphamvu zanga zonse zinapita ku zifukwa za apilo, ndipo afidaviti ya amayi, umene ndi umboni wolembedwa ndi kulumbiridwa, ndinailemba ndili pampando mu ofesi. Inanena kuti apilo ili ndi mwayi waukulu, kuti akachotsedwa adzavutika mosabwezeka, kuti apilo idzasanduka yachabe. Mawu oona onse, koma opanda mnofu. Kumudziko ndinali ndisanapiteko.

Jaji anakana kupereka lamulo mbali inayo isanamvedwe, natiitana tonse patapita sabata. Loya wa wogula anadza ndi milandu imene tonse timaidziwa: wa Investrust wa 1999, wakuti wopambana asamanidwe zipatso za chigamulo chake popanda zifukwa zabwino ndi zokwanira, ndi wa Nyampala Safaris wa 2004, wofuna zifukwa zogwira mtima. Anawonjezera kuti ngati apilo itapambana, kasitomala wake ali ndi ndalama zolipirira chiwonongeko chilichonse. Jaji anagwirizana naye. Ananena kuti afidaviti yathu yangotchula mavuto osawaonetsa. Ndinawerenga chigamulocho kawiri usiku umenewo ndipo sindinapezemo cholakwa. Panalinso china chimene jaji anandikumbutsa: ndinapempha kuimitsa chigamulo chonse, pamene mbali yongolengeza kuti malo ndi a wogula ilibe choti belifi, wantchito wa khoti wokakwaniritsa chigamulo, akachite. Supreme Court inafotokoza pa mlandu wa ZRA ndi Post Newspapers mu 2016 kuti pamene palibe choti chichitidwe, palibenso choimitsa. Zoimitsika zinali ziwiri zokha: kuchotsedwa pamalo, ndi kulipira ndalama.

Tsiku limodzi kumudzi

M'mawa wotsatira ndinanyamuka ndi kalaliki wanga. Zimene tinapeza m'maola asanu zinaposa zimene ndinalemba m'sabata yathunthu.

M'mphepete mwa msewu munali mabikoni atsopano a simenti osonyeza malire, ondandalika mpaka kudutsa pakati pa munda wa chimanga. Tinawerenga mapuloti 31. Mnyamata wina wa pamudzipo anationetsa pafoni chilengezo cha pa Facebook chotsatsa mapuloti a mamita 20 kwa 30 pamalo omwewo, cholonjeza kuti wolipira theka angayambe kumanga. Mzere umodzi wa mabikoniwo, umene pamapu a wogula unali msewu, unkadutsa pamanda. Amayi anandiperekeza kumeneko okha, ana atatsala kumbuyo. Anaima chapatali, naloza ndi dzanja lonse, nati, "Mwana wanga, amuna anga ali apo. Ndikachoka, adzawayendetsa magalimoto pamutu." Mu ofesi muja za manda sanandiuze. Sindinawafunse, ndipo munthu wamkulu wachichewa sayamba yekha kukamba za kumanda kwa mlendo.

Tinajambula zonse, chithunzi chilichonse chili ndi tsiku lake. Nyakwawa, mwana wa uja anapereka malowo, anatitulutsira buku la mudzi ndipo anavomera kulumbira kuti dzina la banjalo silinafufutidwepo komanso kuti msonkhano wa banja wokambirana za taitulo sunachitikepo pamaso pake. Sizinali zopepuka kwa iye, chifukwa kalata ya kwa mfumu inadutsa m'manja mwa anduna amene amakhala nawo pabwalo limodzi. Ndinamulonjeza kuti afidaviti yake idzanena zimene anaona zokha, osaloza chala munthu, ndipo ndinasunga lonjezolo. Ndikulangiza aliyense kuchita chimodzimodzi. Mlandu umatha, koma kasitomala wako amatsala m'mudzi momwemo, pansi pa mfumu yomweyo.

Tsiku lotsatira tinaika caveat ku Lands and Deeds Registry ku Mulungushi House, motsatira gawo 76 la lamulo lake. Izi ndikanachita tsiku loyamba lija. Caveat siletsa belifi, koma imatseka kaundula kuti taitulo isasamutsidwe kapena kugawidwa mwakachetechete, ndipo wogula puloti wanzeru akafufuza amaiona.

Masiku asanu amene anatidyera nyumba

Pempho likakanidwa ku High Court, umalibwereza kwa jaji mmodzi wa Court of Appeal. Kubwereza kumeneku sikuli apilo yotsutsa kukana kuja. Jaji amaliona pempholo mwatsopano, choncho umboni watsopano umaloledwa, bola uikemo chigamulo chokana chija ndipo usabise kanthu. Tinafuna masiku asanu kuti maafidaviti atatu alumbiridwe ndi mapepala akonzeke. Mbali inayo sinagone. Masiku 30 anali atakwana, ndipo anatulutsa writ of possession, chikalata cha khoti chotuma mabelifi kukachotsa anthu pamalo.

Lachinayi mabelifi anafika pamudzipo ndi apolisi. Anayambira nyumba ya kumsewu, ya mwana wamwamuna uja, natulutsa katundu yense panja. Anyamata a wogula, osati mabelifi, anakwera padenga n'kuzula malata. Chisanafike chigawo cha masana kunagwa chimvula, msewu wa kudimba unasanduka matope, ndipo anabwerera akunena kuti adzamaliza Lolemba. Mwanayo anandiimbira akulira ndi ukali, akuti asonkhanitsa anyamata a m'mudzi ndi zikwanje. Ndinamuuza kuti, "Achimwene, mukakhudza belifi mmodzi, mlandu wa amayi watha lero, ndipo inu mukagona kuselo. Jambulani zonse, kokerani katundu kwa amayi, ndipo amayi asachoke m'nyumba mwawo usiku uno ngakhale zitavuta bwanji." Mawu otsirizawo ndi amene anadzatipulumutsa, ngakhale panthawiyo ndinangowanena mwa chibadwa cha ntchito.

Lachisanu m'mawa tinalowetsa pempho ndi chikalata chosonyeza changu chake. Jaji anapereka lamulo loimitsa kwa kanthawi mbali inayo isanamvedwe, n'kuika tsiku loti tonse tidzaonekere. Lamulolo litasainidwa ndi kudindidwa, sindinatume munthu. Ndinapita ndekha ku ofesi ya Sheriff, mkulu wa mabelifi, ndinaonetsetsa kuti adinda kope langa ndi kulembapo ola, kenaka kwa loya wa mbali ina, kenaka kupolisi ya kufupi ndi mudziwo. Lamulo limene lili m'chikwama mwako sililetsa belifi amene ali ndi writ m'manja mwake. Ndikudziwa banja lina limene nyumba zake zinagwetsedwa Loweruka, lamulo loimitsa litasainidwa Lachisanu madzulo, chifukwa loya wawo anati adzalipereka Lolemba.

Mkangano weniweni: kodi panatsala choimitsa?

Pa tsiku lomvera mbali zonse, loya wa wogula sanataye nthawi ndi mwayi wa apilo. Anabwera ndi mfundo imodzi yakuthwa: writ inagwira kale ntchito Lachinayi lija, kasitomala wake analandira malo, ndipo khoti silingaimitse chinthu chochitika kale. Mfundoyi ndi yoona pa lamulo. Madzi akatayika saoleka, ndipo chigamulo chikakwaniritsidwa, pempho loimitsa limafa. Chotsala ndi kupempha kuti zochitikazo zithetsedwe, umene uli mlandu wina ndi wolemera kwambiri.

Choncho nkhani yonse inatsamira pa zimene zinachitikadi Lachinayi. Tinapempha lipoti la mabelifi, ndipo mwaulemu wawo analemba zoona: nyumba imodzi mwa zinayi, ntchito yosatha chifukwa cha mvula. Panalibe pepala losainidwa lopereka malowo kwa wogula. Amayi analumbira kuti sanagonepo kwina ngakhale usiku umodzi, nyakwawa anatsimikizira, ndipo zithunzi za Lachisanu m'mawa zinaonetsa utsi ukutuluka kukhitchini kwawo ndi ng'ombe zili m'khola. Jaji anapeza kuti ntchitoyo inayambika koma sinathe, ndipo chotsalacho chingaimitsidwe.

Pa za chiwonongeko chosabwezeka sindinatsamire kwambiri pa chimanga, ngakhale chinali kundiwawa mtima, chifukwa chimanga chili ndi mtengo pamsika ndipo loya mnzanga akanangotchula matumba ndi makwacha. Ndinatsamira pa zinthu ziwiri zimene ndalama sizibweza. Choyamba manda. Chachiwiri mapuloti: malo akadulidwa pa 31 n'kugulitsidwa kwa anthu 31, aliyense ndi maziko ake ndi ngongole yake, ngakhale apilo itapambana amayi adzayenera kulimbana ndi khamu la anthu osalakwa, ndipo palibe khoti limene limakonda kugwetsa nyumba 31. Pa za mwayi wa apilo ndinalankhula mwachidule. Jaji wa pempho lotere amaloledwa kusuzumira apilo, koma saigamula. Ndinangomuonetsa chiganizo chija cha m'yankho la amayi, mawu awo a muumboni, ndi malo a m'chigamulo pamene nkhaniyo inayenera kuyankhidwa koma sinayankhidwe.

Ndipo nthawi ino sindinapemphe zonse. Ndisanalowe m'khoti ndinakhala pansi ndi banjalo, tinagwirizana zimene tingalonjeze: sadzamanga nyumba yatsopano, sadzatsegula munda watsopano, sadzalowetsa munthu wina kudzakhala kapena kudzalima, mabikoni a wogula sadzawazula, ndipo ife tidzapereka rekodi ya apilo, mtokoma wa mapepala onse a mlandu, mkati mwa masiku 60 amene malamulo amanena. Mbali ya wogula isagulitse, isadule, isagwetse. Ndikukhulupirira kuti malonjezo amenewa ndi amene anapendeketsa sikelo. Jaji ali ndi anthu awiri patsogolo pake, ndipo mmodzi wa iwo ali ndi taitulo ndi chigamulo. Ukamupatsa njira yosungira malo monga alili popanda kumulanda wopambanayo chilichonse chimene sangadzachipeze mawa, wamupeputsira ntchito. Lamulo loimitsa linatsimikizidwa mpaka apilo idzagamulidwe, pa mfundo zomwezo.

Njerwa

Kumudzi kunali nthungululu, ndipo apa ndi pamene vuto lina linabadwira. Anthu anamva kuti amayi awina. Ndinafotokoza pafoni kuti sanawine, kuti khoti langoti zinthu ziime, koma mawu a pafoni amauluka. Mvula itatha, mu Meyi, mwana uja anaumba njerwa 4,000 ndi kukumba maziko pambali pa nyumba yake yozulidwa denga. Kwa iye kunali kubwezeretsa chimene anamuwonongera. Pa pepala la khoti kunali kumanga nyumba yatsopano. Zithunzi zinafika kwa loya wa wogula tsiku lachitatu, ndipo analowetsa pempho lochotsa lamulo lathu.

Sindinakane chimene chinachitika. Ndinapita kumudzi, maziko anakwiriridwa ine ndili pomwepo, ndipo mwanayo analumbira afidaviti yopepesa yofotokoza kuti iye, mkazi wake ndi ana anayi anakhala miyezi isanu m'chipinda chimodzi cha amayi ake. Kenaka ndinaimbira loya mnzanga n'kumukumbutsa mofatsa kuti malata aja anazulidwa ndi anthu a kasitomala wake, amene writ sinawapatse mphamvu iliyonse. Tinagwirizana: iye achotse pempho lake, ife tiloledwe kufolera nyumba yakaleyo pa makoma ake omwewo, osawonjezera njerwa ngakhale imodzi. Chiyambire pamenepo, lamulo lililonse lokhala ndi mfundo zotere ndimalimasulira m'Chinyanja pa tsamba limodzi, ndimakaliwerenga pakhomo banja lonse lili pamphasa ndi nyakwawa alipo, ndipo ndimasiya kope kwa aliyense wamkulu.

Mmene zinathera

Rekodi tinaipereka pa tsiku la 52. Chimanga chinakololedwa, ndipo chinadzabzalidwanso. Kwa wogula mwezi uliwonse unali wolemera, chifukwa anthu atatu amene analipira kale mapuloti a kumsewu, lamulo lisanatuluke, ankafuna malo kapena ndalama zawo, ndipo caveat inatseka zonse. Atawerenga mfundo zathu za apilo, loya wake anandiitana kukambirana, patapita miyezi 14 chiimitsireni chigamulo.

Ndinauza amayi zoona zake zonse. Apilo ikhoza kupambana ndi kufafaniza taitulo, malo n'kubwerera kukhala a mwambo, kumene mwana wa mlamu wawo akanayambiranso nkhani ya atsibweni. Ikhozanso kubwezedwa ku High Court kuti mlandu uyambirenso, zaka zina zitatu kapena zinayi. Ikhoza kugwa pa nkhani ya chinyengo chosatchulidwa ija. Iwo anali ndi zaka 71. Anapempha sabata kuti akambirane ndi ana ndi akwawo a ku Katete, ndipo anabwera ndi yankho lawo.

Mgwirizano umene khoti linadinda unati mahekitala 7, ophatikiza nyumba zinayi, chitsime, manda, dimba ndi munda waukulu, adulidwe pa taitulo ya wogula, ndalama za saveya alipire yekha, ndipo alembedwe m'dzina la amayi ndi ana awo onse pamodzi. Msewu usunthidwe. Ndalama za mlandu aliyense adzilipirire. Mahekitala 11 otsala, pamodzi ndi dambo, anapita. Mwana wa mlongo uja wogula akumufunafunabe.

Tsiku la saveya ndinalipo. Amayi anayenda kumbuyo kwake malire onse, ndodo m'manja, ndipo atafika kumanda anamupempha kuti bikoni aikhome mapazi khumi kupitirira pamene anayeza, kuti patsale malo awo pambali pa amuna awo. Loya wa wogula anayang'ana kasitomala wake, kasitomalayo anagwedeza mutu kuvomera. Ng'ombe zinali zisanu ndi zinayi. Popanda dambo anagulitsa zisanu ndi imodzi. Mapu ali kwa Surveyor General kudikira kuvomerezedwa, ndipo ndawauza kale ana kuti taitulo ikatuluka padzakhala ground rent, ndalama ya malo yolipira ku boma chaka ndi chaka, chinthu chimene bambo awo sanalipirepo. Caveat sindinaichotse, ndipo sindiichotsa mpaka tsiku lolembetsa mahekitala 7 aja m'maina awo.